Labala, isopropyl, mpweya kapena kungozula n'kubwezeretsa? Njira zotsukira mano a RAM ndi siloti yake

Kompyuta yayaka, fani ikuzungulira bwinobwino, koma pa sikirini pali bii. Mwina ikulira kabipu kobwerezabwereza, mwina kanyali ka kutsogolo kakungophethira. Aliyense amene anakhalako pa benchi ya okonza makompyuta akudziwa chotsatira: kutsegula chivundikiro, kuzula RAM (kabolodi kamene kompyuta imasungapo zinthu kwa kanthawi ikamagwira ntchito), kutenga labala wa mwana wasukulu, kukwecha timano tagolide tija mpaka tiwale, n'kubwezeretsa. Nthawi zambiri imayakadi. Mwini kompyuta amalipira akumwetulira, ndipo ulemu wonse umapita kwa labala.

Inenso labala ndinkamukhulupirira ngati mankhwala a agogo. Maganizo anasintha tsiku lomwe anandiitana pa sukulu ina kukaona makompyuta 7 amene anakana kuyaka ana atabwera ku tchuthi. Nditafika ndinapeza kuti labala ndamusiya m'thumba la buluku lina. Ndinati poti ndafika kale, ndingozula ma RAM n'kuwabwezeretsa ndione. Makompyuta 5 anayaka pomwepo. Pobwerera, nditapanikizika m'minibasi, ndinayamba kudzifunsa: zaka zonsezi ankachiritsa ndi labala, kapena kuzula ndi kubwezeretsa kumene ndinkachita chifukwa chofuna kugwiritsa ntchito labalayo?

Pa mano aja pali chiyani

RAM ili ndi mibadwo yake, monga DDR3, DDR4 ndi DDR5, ndipo ya DDR3 ya kompyuta ya patebulo ili ndi mano 240, pomwe ya DDR4 ndi ya DDR5 ali nawo 288. Yaifupi ija ya laputopu ili ndi 204 ikakhala DDR3, ndi 260 ikakhala DDR4. Dzino lililonse limakhudzana ndi kachitsulo kake ka m'siloti (mpata umene RAM imalowamo), kopindika, kamene kamakanikiza ngati sipuling'i. Pa DDR4 ya patebulo, kuchokera pakati pa dzino limodzi kufika pakati pa linzake pali mamilimita 0.85 basi, ndipo magetsi ake ndi mavolti 1.2. Magetsi ochepa chonchi alibe mphamvu yoboola litsiro ngakhale lopyapyala. Dzino limodzi lonyamula data likalephera kukhudza bwino, kompyuta yonse imaima. Ikaola imodzi zonse zaola.

Dzinolo analimanga mosanjikiza: kopa pansi, nickel pakati, golide pamwamba. Golide anamusankha chifukwa sachita dzimbiri. Koma ndi wopyapyala koopsa. Pa RAM yabwino amakhala pafupifupi mamaikuloni 0.76, ndiye kuti sakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lokhuthala kuposa pamenepa kuwirikiza makumi angapo. Pa RAM yotchipa golideyo amachepanso.

Choncho mukaona mano ada kapena azilala, si golide amene wachita dzimbiri. Ndi zinthu zimene zakhala pamwamba pake: fumbi, mafuta a m'zala, mwaye, utsi wa fodya, ndowe za mphemvu, kapena dzimbiri la zitsulo za pansi limene latulukira pa timabowo tosaoneka ndi maso. Litsiro limachoka. Golide akachoka sabwerera. Njira iliyonse yotsukira ndimaiyeza pa mafunso awiri okha: ikuchotsa litsiro lochuluka bwanji, nanga ikutenga golide wochuluka bwanji.

Nakonso kuzula ndi kulowetsa kumadya golide. Opanga masiloti a RAM ambiri amalemba kuti siloti anaiyesa kuti ipirire maulendo 25 olowetsa ndi kuzula. Yerekezani ndi USB yakale yamakona anayi ija, imene ndi ya maulendo 1,500, kapena USB-C ya maulendo 10,000. Sikuti siloti imafa pa ulendo wa 26, ayi, ndaonapo zopirira kuposa pamenepo kutalitali. Koma nambalayi ikukuuzani kuti sanaipange kuti muzilowetsamo ndi kuzula tsiku lililonse ngati fulashi.

Palinso kutha kwina kochitika RAM ili phee m'malo mwake. Kompyuta ikatentha zitsulo ndi pulasitiki zimafufuma, ikazizira zimabwerera. Fani imanjenjemeretsa bokosi. Laputopu imayenda pa kabaza m'misewu ya mabampu. Timayendedwe tating'onoting'ono timeneti timachititsa kachitsulo ka m'siloti kukhula malo amodzimodzi mpaka golide ataperepeseka, nickel n'kukhala pamtunda, n'kuyamba kugwira dzimbiri. Amene anakonzako makompyuta a m'ma 1990 akukumbukira ma RAM akale otchedwa SIMM, a mano 30 ndi 72, omwe ena anali a golide ena a tin. Lamulo linali losasakaniza, chifukwa tin ikamakhulana ndi golide imasiya dzimbiri pamalo okhudzanawo. Ma RAM a lero onse ndi a golide, ndiye vuto limenelo linatichoka.

Kwathu kuno nyengo imathandizira. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa paliponse, koma likadali louma silivuta kwenikweni. Limavuta likamwa chinyontho, kaya cha mvula ya mu Januwale, kaya cha chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje, kaya cha m'mphepete mwa nyanja. Pamenepo limasanduka kamatope komata, ndipo kompyuta imene yakhala miyezi iwiri osayatsidwa ndi imene imagwidwa msanga. N'chifukwa chake masukulu amaitana okonza teremu ikangoyamba.

Musanagwire kanthu

Zulani chingwe cha magetsi ku khoma, osati kungozimitsa, chifukwa chingwe chikadali cholumikiza, motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, imakhala ikulandirabe mavolti 5 a podikira. Kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsala athe. Pa laputopu chotsani chaja ndi batire, ndipo ngati batire ili m'kati, masulani kachingwe kake.

China ndi magetsi a m'thupi, aja amathetheka mukamavula juzi mumdima m'nyengo yozizira. Munthu amayamba kuwamva akafika mavolti pafupifupi 3,000, pomwe ochepera kwambiri kuposa amenewa akhoza kuononga tchipi, tizipangizo takuda tija ta pa RAM, inu osamva kalikonse. Gwirani kaye chitsulo cha bokosi la kompyuta, ndipo RAM muziigwira m'mbali ngati chithunzi chimene simukufuna kuchidetsa. Musaiike pa bulangete kapena pa juzi.

Kuzula n'kubwezeretsa basi

Iyi ndi njira yoyamba, yaulere, ndipo ndi imene anthu amainyoza. Anthu amaona ngati sunachitepo kanthu. Koma siloti anaipanga mwadala kuti RAM ikamalowa, kachitsulo kalikonse kazikwecha dzino lake pang'ono, n'kukankhira kumbali kalitsiro kamene kanali pakati. Kulowetsako n'kutsuka kale. Komanso RAM imene yasuntha pang'ono chifukwa cha kutentha kapena ulendo imabwerera m'malo mwake.

Chimene chimalephereka apa ndi kulowetsa mpaka kumapeto. RAM ya patebulo imafuna mphamvu kuposa m'mene munthu wosazolowera amaganizira. Onetsetsani kuti kampata kake kalunjika pa kachotchinga ka m'siloti, kanikizani mbali zonse ziwiri ndi zala zazikulu mpaka timakilipi titatseka tokha n'kumveka kuti tha. Musatseke timakilipi ndi dzanja RAM isanafike pansi, kumeneko n'kudzinamiza. Ya DDR4 anaipanga yopindikira pang'ono m'munsi mwake kuti mano asalowe onse nthawi imodzi, ndiye musadabwe mukaona kuti si yowongoka. Ya laputopu imalowa chopendekera, ndipo muikankhire m'kati mpaka golide atatsala pang'ono kubisika, kenako muigonetse pansi. Ndalandirako malaputopu angapo amene eni ake ankati RAM yatsopano ndi yabodza, chikhalirecho theka la mano linali panja.

Kuipa kwake n'koti litsiro silichoka, limangosuntha. Ngati lili lambiri, vuto lidzabwerera pakapita milungu. Likabwerera kachiwiri, musamangozula ndi kubwezeretsa mpaka kalekale. Pitani pa njira ina.

Mpweya

Kuuzira ndi pakamwa aliyense amachita, ine ndemwe dzanja limathamangira komweko. Koma mpweya wa m'kamwa umabwera ndi chinyontho ndi timalovu, zomwe ndi zinthu zenizeni zimene dzimbiri limafuna. Lero zithandiza, kutsogolo mwabzala vuto.

Chabwino ndi kapampu ka labala kofinya ndi dzanja, konga kaja amatsukira magalasi a kamera. N'kotchipa, sikatha, ndipo mphamvu yake ndi yokwanira kuchotsa fumbi m'siloti. Bulowa ya magetsi ndi yabwino pochotsa fumbi m'bokosi lonse, bola mugwire fani kuti isazungulire mopenga, ndipo muchitire panja. Mpweya wa m'kachitini wogula m'sitolo umagwira ntchito, ngakhale kuti m'katimo si mpweya wamba koma gasi amene ambiri mwa iwo amayaka moto. Kachitini kakhale chilili, chifukwa mukakapendeketsa kamalavula madzi ozizira koopsa. Kompuresa ya kwa okonza matayala ndimakana. Imakhala ndi madzi ndi mafuta m'thanki, ndipo mphamvu yake ikhoza kuthothola tizipangizo ting'onoting'ono.

Mpweya sukhudza golide ngakhale pang'ono, ndiye pa funso lachiwiri lija wapambana. Pa funso loyamba ndi wofooka: umachotsa fumbi louma lokha. Mafuta a m'zala ndi mwaye womata zimatsala pomwepo.

Isopropyl, ndi abale ake onamizira

Mukandifunsa chinthu chimodzi chimene wokonza makompyuta ayenera kukhala nacho pa benchi, ndi botolo la sipiliti yotsukira yotchedwa isopropyl alcohol, ya 99 peresenti, kapena yosachepera 90. Imasungunula mafuta ndi mwaye, imauluka msanga, siisiya kanthu kumbuyo, ndipo golide ilibe naye ntchito. Donthezani pang'ono pa kansalu kosatulutsa ulusi, monga kaja kopukutira magalasi a maso. Gwirani RAM m'mbali, pukutani mano motsata kutalika kwa dzino, kuchokera kumtunda kupita kunsonga, mbali zonse ziwiri. Yang'anani kansaluko. Kakada, sinthani malo n'kubwereza mpaka kazituluka koyera. Dikirani mphindi zingapo musanabwezeretse.

Chenjezo lili pamwamba pa manowo. Pali mzere wa tizipangizo ting'onoting'ono tonga mchenga, timaresista ndi timakapasita, tomatidwa pafupi kwambiri ndi golide. Chikhadabo kapena nsalu ikakola kamodzi n'kukathothola, RAM yatha ngakhale mano ake akuwala ngati a mkwatibwi.

Ya 70 peresenti, imene imapezeka msanga m'mafamase, gawo lotsalalo ndi madzi. Pa mano a RAM, pamene mukhoza kupukuta n'kuumitsa, ikhoza kugwira ntchito mukasowa pogwira, bola mudikire nthawi yaitali. M'siloti musaithire, chifukwa madzi amabisala pansi pomwe simungafike.

Vuto ndi loti isopropyl sipezeka pa golosale iliyonse, ndiye anthu amatenga chilichonse chonunkha mofanana nayo. Sipiliti ya pepo ija ndi imene imalowa m'malo kwambiri. Muli ethanol wosakaniza ndi zinthu zina kuti anthu asamwe, kuphatikizapo utoto, ndipo utotowo suuluka. Donthezani pa galasi loyera, dikirani iume, muona kachizindikiro kotsala. Kameneko ndi kamene kamatsala pa mano. Kunena zoona, ndagwiritsapo ntchito kumudzi kopanda china, n'kupukuta bwino ndi nsalu youma pambuyo pake, ndipo zinayenda. Koma ndi njira ya pangozi, osati ya masiku onse, ndipo m'siloti sindiiyandikitsa.

Sanitaiza wa m'manja ndi woipirapo, chifukwa amaikamo glycerine kuti khungu lisaume, ndipo ameneyo amatsala ngati kamafuta kokoka fumbi. Kachasu muli madzi ambiri ndi zina zosadziwika. Petulo amasiya mafuta, ndipo nthunzi yake imayaka ndi kamoto kochepa. Thina ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo zimadya mitundu ina ya pulasitiki ndi kufufuta zolemba. Zonsezi zisiyeni.

Kufooka kwa isopropyl ndi kumodzi: siichotsa dzimbiri lenileni. Ngati pa dzino pali kadontho kobiriwira kapena kakuda kouma gwa, mupukuta mpaka dzanja kutopa, kali pomwepo. Apa m'pamene nkhani ya labala imayambira.

Labala

Labala amagwira ntchito, zimenezo sindikana. Amagwira chifukwa amapala. Pofufuta pensulo amachotsa zolembazo pamodzi ndi kachigawo ka pepala, ndipo pa RAM amachotsa litsiro pamodzi ndi kachigawo ka golide. Kuwala kumene kumakusangalatsani mukamaliza, mbali ina ndi golide watsopano amene waonekera chifukwa wapamwamba wapita ndi nyenyeswa. Kamodzi sikapha RAM. Koma RAM ya kompyuta yakale yogula kwa ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito yadutsa m'manja mwa anthu angati, aliyense ndi labala wake? Tengani galasi lokulitsa muyang'ane ina. Mukaona pakati pa dzino pakuyera ngati siliva m'malo mwa chikasu, ameneyo ndi nickel, golide anapita. RAM yotere imayaka mukaikwecha, pakapita mwezi yasiya, muikwechanso, pakapita milungu iwiri yasiyanso. Labala amakhala ngati katapila, wakuthandiza lero koma ngongole ikukula.

Malabala amasiyananso. Woyera wofewa uja ndiye wofatsa. Wa mitundu iwiri, wofiira ndi wabuluu, mbali yabuluuyo anaipangira kufufuta inki ndipo muli timchenga, ndiye ndi sandipepa wovala yunifolomu ya sukulu. Wofiira wa kunsonga kwa pensulo akakalamba amauma n'kumasiya zofiira zomata, ndipo malabala ena a mtundu wakale amakhala ndi sulfure, amene sagwirizana ndi kopa. Kukhula labala pa bolodi kumatulutsanso magetsi othetheka aja. Ndiye pali nyenyeswa. Ndinalandirapo kompyuta imene munthu anakwechera RAM pamwamba pa bokosi lotsegula, nyenyeswa zonse n'kugwera m'siloti. Anachotsa litsiro pa dzino n'kuthira labala m'malo mwake.

Ndiye labala ndimamuika pati? Pambuyo pa isopropyl, osati patsogolo pake, ndiponso pa dzino lokhalo limene lili ndi chipsera chokana kuchoka, osati mzere wonse. Akhale woyera, wofewa, woyamba wapukutidwa pa pepala loyera. Goneketsani RAM pa tebulo kuti isapindike, khulani mopepuka kawiri kapena katatu motsata dzino, kutali ndi kompyuta, kenako pukutaninso ndi isopropyl kuchotsa zotsalira. Akakanika pamenepo, kuonjezera mphamvu sikuthandiza.

Pali njira ina yapakatikati imene ndimaikonda kuposa labala: kapepala koyera ka mu printa, kopinda kawiri, konyowetsa ndi isopropyl. Pepala limakwecha pang'ono kuposa nsalu koma mofatsa kuposa labala, ndipo limakuonetsani litsiro limene lachoka.

Mankhwala opopera

M'masitolo a zamagetsi mumapezeka zitini zolembedwa kuti contact cleaner. Zili m'magulu awiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Gulu loyamba limauluka lonse osasiya kanthu. Limagwira ntchito ngati isopropyl, koma lili ndi mwayi woti limatuluka ndi mphamvu kudzera pa kapaipi kowonda, ndiye limafika pansi pa siloti n'kukokolola litsiro. Pa siloti, ili ndiye labwino kuposa zonse, bola pa chitini palembedwe kuti silidya pulasitiki.

Gulu lachiwiri limasiya kamafuta kopyapyala mwadala, koteteza chitsulo ku mpweya ndi kuchepetsa kukhulana. Lotchuka ndi DeoxIT wa kampani ya CAIG ya ku America, amene ali ndi mtundu wosungunula dzimbiri ndi mtundu wina wopangira malo a golide. Okonza ma amplifaya ndi mawailesi amawakonda pa mabatani ndi masoketi. Pa RAM akhoza kupulumutsa mano amene golide wake wayamba kutha, chifukwa amachedwetsa dzimbiri la nickel. Koma pafunika kochepetsetsa, kupaka n'kupukuta pafupifupi konse. Mukasiya konyowa, m'dziko la fumbi ngati lathu mwatchera msampha wa fumbi m'siloti momwe. Ndi wodulanso, ndipo sapezeka wamba, kotero pa RAM yakale ya DDR3 mtengo wa kabotolo ukhoza kuposa wa RAM ina.

WD-40 wamba uja, wa chitini chabuluu ndi chachikasu amene timapopera pa maloko ndi mabawuti, asafike pa RAM. Amasiya mafuta ambiri. Chimasokoneza anthu n'choti kampani yomweyo imapanganso contact cleaner ya dzina lomwelo pansi pa gulu la Specialist, yomwe ndi chinthu china. Werengani chitini, osangoona dzina.

Za sandipepa, lezala, nsonga ya mpeni ndi waya wotsukira mapoto sindichedwapo. Zimachotsa golide yense pa ulendo umodzi. RAM imayaka tsiku limenelo, kasitomala amapita, ndipo madzi akatayika saoleka.

Siloti ndi nkhani ina

Anthu amathera mphamvu pa RAM chifukwa ndi imene ikuoneka ndi kugwirika, koma theka la kukhudzana kuja lili m'siloti, ndipo siloti ndi imene ili ya mtengo. RAM ikaonongeka mugula ina. Siloti anaiwotcherera pa motherboard ndi miyendo yoposa 200, ndipo kuisintha ndi ntchito imene okonza ambiri sangaiyambe n'komwe. Fumbi limakondanso siloti yopanda kanthu. Kompyuta imene yagwira ntchito zaka 6 ndi RAM imodzi, tsiku lomwe mwagula yachiwiri n'kuilowetsa mu siloti yomwe yakhala yotsegula nthawi yonseyo, mumakanikizira fumbi lonse pa mano atsopano. Kenako mumati wogulitsa wakuberani.

Yambani ndi tochi. Unikirani m'kati, muone ngati tizitsulo tonse tili pa mzere umodzi mbali zonse ziwiri. Kenako mpweya, bokosi litapendekeka kuti fumbi ligwere panja. Zikakanika, bulashi yofewa, monga mswachi watsopano wa mwana, yonyowetsa ndi isopropyl ya 99, kuyendetsa mopepuka. Contact cleaner youluka ija ikakhalapo, ndiye bwino koposa. Dikirani nthawi yokwanira kuti ziume, theka la ola si kutaya nthawi, chifukwa pansi pa siloti sipauma msanga ngati pamtunda.

Njira ina yabwino ndi kutenga RAM yakufa ya mtundu womwewo, kunyowetsa mano ake ndi isopropyl, kuilowetsa ndi kuizula kawiri, n'kupukuta litsiro limene yatuluka nalo. Kukhuthala kwake n'koyenera silotiyo, ndiye siipinda kanthu. Kumbukirani chabe maulendo 25 aja, musachite ngati mukupopa njinga. Ena amakulunga kansalu pa khadi lakale la ku banki n'kulowetsa. Zimatheka ngati mukulowetsa ndi kutulutsa molunjika, koma mukangolikoka chammbali, nsalu imakola kachitsulo n'kukapinda. Thonje la m'makutu lisalowemo, limasiya ulusi wokodwa pa tizitsulo. Singano ndi sikuludiraiva ndi adani a siloti.

Kachitsulo kakapindika, nthawi zina kamawongoleka ndi dzanja lodekha ndi galasi lokulitsa, koma sikabwerera ndi mphamvu yake yakale yokanikiza. Mukaona pulasitiki yasungunuka kapena yada pamalo amodzi, nthawi zambiri ndiye kuti wina anakakamiza RAM chotembenuza kapena anailowetsa magetsi alipo. Pamenepo palibe chotsuka.

Pamene vuto si litsiro

Musanathe botolo lonse la isopropyl, yesani kusinthanitsa. Siyani RAM imodzi yokha, iyeseni mu siloti yoyamba, kenako yachiwiri. Chitani chimodzimodzi ndi RAM ina imene mukudziwa kuti ndi yamoyo. Vuto likamatsatira RAM kulikonse kumene yapita, wodwala ndi RAM. Likamakhala pa siloti imodzi kaya mwaikamo iti, wodwala ndi siloti kapena njira yochokera pamenepo.

Njirayo imakathera mu purosesa, ubongo wa kompyuta. Kuyambira pa Athlon 64 ya AMD mu 2003, ndi ma Core i7 oyamba a Intel mu 2008, gawo lolamulira RAM linasamukira m'kati mwa purosesa. Ndiye pa ma motherboard a Intel a masoketi monga LGA 1155 ndi 1151, kamwendo kamodzi kopindika pansi pa purosesa, kapena choziziritsira chomangidwa mopitirira mbali imodzi, zikhoza kupha siloti imene payokha ilibe vuto. Mudzatsuka mpaka dzuwa kulowa.

Onaninso ngati RAM ndi yoyenera. DDR3 wamba ndi ya mavolti 1.5, DDR3L ndi ya 1.35, ndipo zimalowa mu siloti imodzimodzi. Malaputopu ambiri a purosesa za Intel za m'badwo wachinayi amafuna DDR3L, ndipo mukaikamo inayo akhoza kungokhala chete ngati kuti RAM ili ndi litsiro. Malaputopu ena opyapyala a masiku ano alibe n'komwe siloti, RAM anaimatiratu pa bolodi.

Kompyuta ikayaka, ntchito sinathe. Kukhudzana kwa theka kumalola Windows kutseguka, kenako n'kumabweretsa sikirini yabuluu pakati pa ntchito, kapena kuononga mafayilo mwakachetechete. Ikani pulogalamu yoyesera RAM, MemTest86 kapena Memtest86+, pa fulashi, yatsirani kompyutayo pamenepo, muisiye izungulire kangapo, ngakhale usiku wonse. Mukasowa fulashi, lembani mdsched pa malo ofufuzira a Windows, kuti mutsegule pulogalamu yake yoyesera RAM, ngakhale kuti imeneyi siyesa mozama. Zolakwika zikatha mutatsuka, linali litsiro. Zikamabwera pa malo amodzimodzi a m'RAM kaya mwatsuka kaya mwasintha siloti, tchipi yafa, ndipo palibe labala amene angaidzutse.

Makompyuta 2 otsala a pa sukulu paja ndinawabwerera sabata yotsatira ndili ndi botolo ndi tochi. Yoyamba, mphemvu zinali zitamanga mudzi pansi pa RAM, ndipo mano angapo anali ndi timadontho takuda. Isopropyl ndi kapepala zinachotsa onse kupatula dzino limodzi, limene ndinalikhula ndi labala woyera katatu. Yachiwiri inali ndi tizitsulo tiwiri tophwanyika mu siloti yoyamba, ndi mkwasa wa sikuludiraiva pa pulasitiki, ntchito ya wina amene anayesa kukolopa fumbi ine ndisanabwere. Ndinasamutsira RAM mu siloti yachiwiri, inayaka, ndipo MemTest86 inazungulira kanayi osapeza kanthu. Pa siloti yakufayo ndinamatapo tepi ya pepala n'kulembapo ndi bolopeni kuti "musaikemo kanthu", kenako ndinapempha aphunzitsi kuti pa tchuthi chotsatira aziyatsako makompyutawo kamodzi pa sabata ndi kuwafunditsa nsalu akazizira.